Posankha modelo ya AI, funsani kaye ngati alipo angafune kuipusitsa

Achinyamata amene mukupanga mapulogalamu ozindikira zithunzi, ndi inu a mabungwe amene mumagula mapulogalamu oterewa kuti alimi kapena makasitomala anu azigwiritsa ntchito, mukamva kuti modelo, yomwe ndi mbali ya pulogalamu imene imaphunzitsidwa kuzindikira zithunzi, ikukhoza 95 peresenti musafulumire kuomba m'manja. Funsani kuti ikukhoza choncho pa zithunzi zanji, ndiponso kuti munthu ataipusitsa dala ingatsale ndi mapelesenti angati.

Kupusitsako si nkhambakamwa. Mu 2014, Ian Goodfellow ndi anzake ku Google anatenga chithunzi cha nyama ya panda, nasintha timadontho take pang'ono zedi, moti diso la munthu silikanaona kusiyana. Kompyuta inati imeneyi ndi gibbon, nyama yonga nyani, ndipo inatsimikiza ndi 99.3 peresenti. Mu 2018 ofufuza ena ku America anamata timapepala takuda ndi toyera pa chikwangwani cha pamsewu cholembedwa STOP, modelo n'kuchiwerenga ngati chikwangwani cha liwiro la 45.

Njira yodziwika yotetezera imatchedwa adversarial training. Pophunzitsa modelo, chithunzi chilichonse mumayamba mwachisokoneza dala m'njira yomwe ingaisocheretse kwambiri, kenako n'kuiuza yankho loona. Gulu la Aleksander Madry ku yunivesite ya MIT ku America linayesa zimenezi mu 2017 pa CIFAR-10, mulu wa tizithunzi 60,000 ta magulu 10. Modelo yophunzitsidwa mwa nthawi zonse inkakhoza 95 peresenti pa zithunzi zabwinobwino, koma itaputidwa mwaluso ndi zithunzi zosokonezedwa dala inagwa mpaka kutsika pa 5 peresenti. Yolimbitsidwayo itaputidwa inakhoza pafupifupi 46 peresenti, koma pa zithunzi zabwinobwino inatsikira pa 87. Apa ndiye pagona nkhani: chitetezocho chinadya mapelesenti 8 pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo nthawi yophunzitsira yomwe imachuluka kangapo, ndalama za kompyuta n'kuchulukanso.

N'chifukwa chiyani zimatero? Modelo siona monga timaonera ife. Imatola tizizindikiro tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse pakokha n'kofooka, koma tikaphatikizana timathandizadi kupeza yankho. Vuto n'lakuti tizizindikiro tomweto n'tosavuta kutembenuza. Mukailimbitsa modelo mumakhala mukuiletsa kutidalira, ndipo potaya timeneti imatayanso mayankho ena amene ikanakhoza.

Alimi a chimanga nkhaniyi akuidziwa kale. Mbewu zakale za haibulidi zofewa njere zinkabereka kuposa chimanga cha makolo, koma zikalowa m'nkhokwe anankafumbwe ankazifumbula msanga, pomwe cha makolo cholimba njere chinkapirira. Wokolola n'kugulitsa nthawi yomweyo analibe nazo ntchito zimenezo. Wofuna kusunga mpaka mwezi wa njala ndiye ankaganiza kawiri. Ofufuza a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, haibulidi zolimbirako njere, mpatawo unachepa. Ndi modelonso mpatawu umachepa mukakhala ndi zithunzi zophunzitsira zochuluka kwambiri komanso modelo yokulirapo, ngakhale kuti sunatsekeke.

Tsono musanawononge ndalama, khalani pansi mulembe kuti ndani angapindule modelo yanu ikalakwa. Ngati pulogalamu ikuona nkhope ya munthu asanapatsidwe ngongole, kapena ikuweruza zithunzi za munda wowonongeka kuti inshuwalansi ilipire, kapena ikusefa mauthenga a akuba a pa foni, mdani alipo ndipo adzayesa kambirimbiri mpaka apeze poloweka. Pamenepo landirani kutaya mapelesenti angapo. Iyeseninso nokha ndi njira zamphamvu zoputira monga PGD kapena AutoAttack, osati zofooka zongokusangalatsani. Ndipo pa nkhani za ndalama zambiri, munthu aziyang'anabe modelo isanamalize chigamulo.

Koma ngati pulogalamu yanu ndi yothandiza mlimi kudziwa ngati chinangwa chake chagwidwa khate kapena chimanga chalowa ntchemberezandonda, ndani angafune kuipusitsa? Mlimiyo akufuna yankho loona kuposa wina aliyense. Ine ndimaona kuti apa n'pamene ambiri amasokoneza zinthu, n'kuyamba kuthamangitsa mdani amene kulibe, kusiya vuto lenileni lili pakhomo. Vutolo ndi dzuwa la masana lowala pa tsamba, fumbi, kamera ya foni yotchipa, dzanja lonjenjemera, ndi udzu wooneka kumbuyo kwa chithunzi.

Mu 2016, Sharada Mohanty, David Hughes ndi Marcel Salathé anaphunzitsa modelo pa zithunzi 54,306 za masamba a mitundu 14 ya mbewu, zochokera mu mulu wa zithunzi wotchedwa PlantVillage. Pa zithunzi zojambulidwa mofanana ndi zophunzitsira, inakhoza 99.35 peresenti. Ataipatsa zithunzi zojambulidwa m'malo ena, inangokhoza pafupifupi 31 peresenti. Panalibe woiputa aliyense. Masamba ophunzitsirawo anali othyoledwa, oikidwa pamalo a mtundu umodzi opanda china chilichonse, pomwe munda suoneka choncho. Modelo yotere adversarial training siingaichize. Chofunika n'kupita kumunda ndi mafoni omwewo amene alimi ali nawo, kujambula m'mawa, masana ndi kukachita mitambo, m'maboma osiyanasiyana, ndipo katswiri wa matenda a mbewu atsimikize dzina la matenda pa chithunzi chilichonse.

Poyesa, patulani zithunzi za boma limodzi lathunthu zomwe modelo sinazionepo, osangosakaniza zonse n'kugawa. Mukasakaniza, zithunzi za munda umodzi zimapezeka mbali zonse ziwiri, nambala n'kukwera mwachinyengo.

Inu ogula, wogulitsa akupatseni manambala atatu olembedwa: kukhoza kwa modelo pa zithunzi zabwinobwino, pa zithunzi za kumunda kwanu, ndi pa zithunzi zoputidwa dala, atchulenso njira yoputira ndi kukula kwa kusinthako. Akabwera ndi nambala imodzi yokha, muuzeni kuti mgwirizano muusaina akamaliza kuyesa pa zithunzi zomwe mwajambula nokha.