Ayodini ndi B12 kwa osadya zochokera ku nyama

Ngati munasiya nyama, nsomba, mkaka ndi mazira, musadalire masamba okha kuti akupatsani ayodini, michere imene chithokomiro chimafuna kuti chigwire ntchito. Ayodini wa m'zomera amatengera nthaka imene zamerapo, ndipo kawirikawiri amakhala wochepa. Akaperewera kwa nthawi yaitali chithokomiro chimatupa, thupi limafooka.

Ine ndinkawononga ndalama pa mabotolo anayi osiyanasiyana a mapiritsi mpaka nditaphunzira kuwerenga kumbuyo kwa botolo. Pezani mapiritsi amodzi okhala ndi ayodini wokwana mamayikulogalamu (pa botolo amalemba mcg kapena µg) 150, womwe ndi mlingo wa munthu wamkulu pa tsiku, pamodzi ndi vitamini B12 wosachepera mamayikulogalamu 10. Pa ayodinipo pakhale polembedwa kuti potassium iodide kapena potassium iodate. Amayi oyembekezera amafunika wochulukirapo, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mamayikulogalamu 250, ndiye iwo ayambe akambirana ndi adokotala. Chimodzimodzi aliyense amene akumwa kale mankhwala a chithokomiro.

Mapiritsi a kelp, opangidwa ndi zomera za m'nyanja, ine ndinawasiyiratu. Ayodini wake sakhazikika, botolo lina limakhala ndi wochepa lina wopyola muyezo, ndipo wochuluka amasokonezanso chithokomiro chomwecho. Mchere wothira ayodini umathandiza, koma osati muziwonjezera dala m'chakudya. Magalamu 5 pa tsiku ndiwo malire.

Muyang'anenso utoto wa mapiritsiwo. Wofiira wolembedwa E120 kapena carmine amaupanga ndi tizilombo totchedwa cochineal. Kwa anthu ambiri suvulaza, koma ngati cholinga chanu n'kupewa zochokera ku nyama ndi tizilombo, sankhani opanda utoto.