Anyezi wanga anasiya kuwola m'matumba

Kuno ku Epworth, pafupi ndi Harare ku Zimbabwe, ndimalima anyezi padimba laling'ono, n'kumakagulitsa ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare. Mu Seputembala ndi Okutobala aliyense amakhala akukolola, mtengo n'kugwa. Koma ndikati ndisunge kaye, anyezi ankawola. Ukafinya pakhosi, pamatuluka madzi onunkha.

Pothetsa vutoli, mankhwala sindinagule ayi. Feteleza wa AN (ammonium nitrate) ndimasiya kuthira mitu ikangoyamba kukula, chifukwa amanenepetsa khosi, ndiye silitsekeka. Masamba a theka la dimba akagwa okha, kuthirira ndimalekeratu. Ena amawapondereza ndi phazi kuti agwe msanga, koma pabala pomwepo ndi pamene matenda amalowera. Ndikazula, ndimayanika pathandala, pamthunzi podutsa mphepo, kwa milungu iwiri kapena itatu, mpaka makoko azichita tswatswa ukawagwira. Kenako ndimadula masamba, kusiya kakhosi ka masentimita 3, n'kuika m'matumba a ukonde pamwamba pa matabwa, osati pansi pasimenti.

Mbewu nayo ndinasintha. Texas Grano amabereka bwino koma sakhalitsa, ameneyo ndimagulitsa msangamsanga. Wosunga ndimabzala Red Creole, ndipo amafika Januwale mtengo utakwera.