Kukonza ulendo wokwera phiri wa anthu a kuntchito posonkhetsa ndalama zachifundo

Gulu la kuntchito silifanana ndi la anthu ozolowera mapiri. Mumakhala mnyamata wothamanga m'mawa uliwonse, mumakhalanso wina wokhala pa desiki tsiku lonse, maondo akumuvutitsa. Dongosolo lonse likonzedwe poganizira wachiwiriyu.

Yambani ndi bungwe lomwe mukufuna kuthandiza. Lilembereni kalata kuti livomereze kugwiritsa ntchito dzina lake, ndipo ndalama za opereka zizilowa mu akaunti yake kapena kwa msungichuma mmodzi wolemba risiti iliyonse. Za ulendo, monga galimoto, malo ogona ndi malipiro a wolondolera njira, zikhale thumba lina. Zikasakanikirana, kulozana zala kumayamba ulendo ukangotha. Funsaninso mabwana ngati kampani ingaikepo ndalama zofanana ndi zomwe antchito asonkhetsa.

Pali lonjezo limodzi loyenera kulikana: loti "ndipereka mukafika pansonga". Anthu apereke chifukwa choti mwanyamuka ulendo. Munthu wodziwa kuti thandizo la odwala latsamira pa miyendo yake sanena kuti watopa. Mutu ukamupweteka amabisa, makamaka abwana ali pomwepo, ndipo ngozi zambiri zimayambira pa manyazi oterewa. N'chifukwa chake muyeneranso kugwirizana musananyamuke kuti kuphiri mawu omaliza ndi a wolondolera njira, osati a manejala.

Powerengera nthawi, gwiritsani ntchito lamulo lomwe William Naismith wa ku Scotland anapereka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Njira ya makilomita 15 yokwera mamita 1,200 ndiye kuti ndi maola 5. Komatu amenewo ndi maola a munthu wamphamvu wosapumira. Gulu la mu ofesi lionjezepo theka lake ndi nthawi yopuma, ndipo mupeza maola 8 kapena 9. Kenaka ikani ola lobwerera. Likakwana mubwerere, ngakhale nsonga ikuoneka apo.

Kuzoloweretsa thupi kuyambe milungu 8 mpaka 12 tsikulo lisanafike. Kwerani masitepe a kuntchito, ndipo kumapeto kwa sabata yendani mtunda wautali mutavala nsapato zomwe mudzavale, chikwama chili kumsana. Phunziraninso kutsika, chifukwa n'kumene maondo amanjenjemera, anthu n'kumaterereka atatopa. Nsapato yatsopano isakayambire kuphiri.

M'chikwama cha aliyense mukhale madzi malita 2 kapena 3, chakudya chodya uku mukuyenda, jekete la mvula, chovala chofunda, tochi ya pamphumi ndi mabatire ena apadera, wenzulo ndi pulasitala. Pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, mphepo n'kuonjezera kuzizirako. Malaya a thonje amamwa thukuta osauma msanga. Mukangoima kupuma, amazizira ngati nsanza yonyowa pamsana. Valani nsalu youma msanga.

Poyenda, wolondolera njira akhale patsogolo, munthu wamphamvu wodziwa chithandizo choyamba akhale pambuyo penipeni, ndipo wina asamudutse wapatsogoloyo kapena kutsalira kumbuyo kwa womalizayo. Woyenda pang'onopang'ono muikeni wachiwiri pa mzere kuti liwiro likhale lake. Mukamusiya kumbuyo, amafika pamalo opumira anzake akunyamuka kale, iye osapuma mpang'ono pomwe. Werengani anthu paliponse pomwe mwaima. Wina akamva kutentha pa chidendene, aime nthawi yomweyo, avule sokosi, amate pulasitala thuza lisanatuluke.

Kupitirira mamita 2,500 thupi limayamba kumva kuchepa kwa mpweya, ndipo vutoli silisankha. Limagwira ngakhale wothamanga uja. Mutu kupweteka, mseru ndi chizungulire ndizo zizindikiro zake. Wotere asakwerenso, ndipo zikakula atsike, koma osati yekha: mutsagane naye anthu awiri.

Netiweki ya foni kuphiri si yodalirika. Siyani kwa mnzanu wotsala mapu a njira, mayina a onse ndi ola loti ayambe kuitana thandizo ngati simunamveke. Mukasochera m'chifunga, khalani pamodzi malo amodzi, imbani wenzulo kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, dikirani mphindi ina, n'kubwerezanso.