Mmene mungafunsire malo a Masters ya jiyoloje ku South Africa

Ngati munamaliza digiri ya Earth Sciences ku UNIMA kapena ku MUST ndipo mukufuna Masters ku mayunivesite a Wits, Cape Town (UCT) kapena Rhodes, musathamangire fomu ya yunivesite. Yambani ndi SAQA, bungwe la ku South Africa lomwe limaunika masatifiketi ochokera kunja.

Ku South Africa digiri yoyamba ya sayansi ndi ya zaka 3 ndipo ili pa mlingo wa NQF 7 (NQF ndi mndandanda wa milingo ya maphunziro wa dzikolo). Kenako pamabwera chaka cha Honours, NQF 8, pomwe Masters ili pa NQF 9. Ambiri amaganiza kuti zaka 4 zimene anaphunzira kuno zikukwana kale Honours, koma wogamula ndi SAQA. Akakuikani pa 7, dipatimenti ingakuuzeni kuti muyambe mwachita Honours, chomwe ndi chaka china cha fizi ndi lendi.

Pamene ambiri amakodwa ndi pa kutsimikizira. SAQA imafunsa yunivesite yanu ngati satifiketiyo ndi yeniyeni, ndipo ofesi ya Registrar ikachedwa kuyankha, fayilo yanu imangokhala. Mukatumiza fomu ku SAQA, pitani nokha ku ofesiyo, muwadziwitse kuti kubwera kalata yochokera ku SAQA, kenako muzikumbutsa. Onetsetsani kuti dzina la pa pasipoti, pa satifiketi ndi pa transcript likufanana chilembo ndi chilembo. Ma agent a pa Facebook olonjeza kuti zituluka msanga asiyeni, mungotaya ndalama. Mutha kulembetsa nokha pa intaneti n'kulipira SAQA mwachindunji.

Mukudikira, sakani supervisor, chifukwa Masters ya kafukufuku sayiyamba popanda mphunzitsi wovomera kukuyang'anirani. Mulembereni imelo yaifupi yokhala ndi funso lenileni. Miyala ya carbonatite ya ku Kangankunde ndi Songwe Hill, yomwe ili ndi zitsulo zotchedwa rare earths, kapena uranium wa ku Kayelekera, ndi mitu imene katswiri angaifune. Tchulani mapu amene munajambula mutchire ndi ma thin section (tizidutswa topyapyala ta miyala toonera pa microscope) amene munaunikapo. Musaiwale kumufunsa za ndalama zoyezera masampulo.

Zotsalazo n'zodziwika: CV, makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni ndi pulani ya kafukufuku. Kalata yokulandirani ikafika, funsirani study visa muli ndi police clearance komanso medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko. Chaka cha maphunziro chimayamba cha mu February, choncho za SAQA ziyambeni chaka cha m'mbuyo mwake chisanafike pakati.