Kusamalira galu ndi mphaka m'nyengo ya chiperoni kumidzi ya ku Zomba

Kuno sikugwa chipale chofewa ngati ku Ulaya, koma aliyense wokhala m'tsinde mwa phiri la Zomba, ku Domasi kapena ku Malosa amaidziwa mphepo ya mu Juni ndi Julaye. Chiperoni chimachokera kum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, ndipo chimabwera ndi nkhungu komanso mvula yamawawa ya masiku angapo. Galu wamkulu wonenepa amapirira kuzizira. Chomwe chimamufooketsa ndi kunyowa ubweya kenako n'kugona padothi kapena pasimenti usiku wonse, chifukwa pansipo pamayamwa kutentha kwa thupi.

Yambani ndi pogona. Khola lisakule kwambiri: galu athe kuimirira, kutembenuka ndi kugona motambasuka, basi. Lalikulu silisunga kutentha. Yalani njerwa, muikepo matabwa kapena nsungwi zoyandikana kuti pogona pakwere masentimita 10 mpaka 15 kuchoka pansi. Pamwamba pake ikani udzu wouma kapena makoko a chimanga, mufunditse chiguduli. Thumba la pulasitiki la feteleza silithandiza, limaterera ndipo limasunga chinyezi. Khomo lipenye kumpoto kapena kumadzulo kuti mphepo isalowe mwachindunji, ndipo mulendeweze chiguduli china pakhomopo. Ngati denga ndi laudzu, ikani pepala la pulasitiki mkati mwake. M'mawa uliwonse pisani dzanja m'zogonerazo. Zikanyowa zichotseni, dzuwa likawala ziyanikeni, ndipo udzu muzisintha sabata iliyonse, poti utitiri umaswana m'menemo.

Ana agalu ndiwo amafa kwambiri nyengo ino. M'masabata awiri kapena atatu oyamba thupi lawo silitha kudzitenthetsa lokha, amadalira mayi wawo. Mwana amene wasiya kuyamwa, wafooka, ndipo m'kamwa mwake mukuzizira mukamugwira ndi chala, musamukakamize mkaka. M'mimba mwake simugaya chakudya akazizidwa, ndipo mkakawo ukhoza kulowa m'mapapo. Mutenthetseni kaye pang'onopang'ono: muikeni pachifuwa panu mkati mwa juzi, kapena pambali pa botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu. Akayamba kutakataka ndi kulira, mubwezereni kubere. Kumuwotcha pafupi ndi moto kumangomupsereza khungu.

Moto umafunanso maso pa mphaka. Kukazizira amakonda kugona pamafuwa, ndipo phulusa looneka lozima limabisa makala oyaka, motero amapsa mapazi ndi mimba. Mukatha kuphika zimitsani moto bwinobwino, mumuikire katoni yokhala ndi chovala chakale pakona ya khitchini. Mbaula ya makala musaisiye m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha, koma umapha chiweto ndi munthu yemwe.

Chakudya chionjezereni pang'ono, ndipo gawo lalikulu liperekedwe madzulo likadali lofunda. Nsima yokha sikwanira. Sinjani matemba, usipa kapena bonya, musakanize supuni ziwiri kapena zitatu m'mbale ya galu wamkulu. Ndiwo zokhala ndi anyezi wambiri zimawononga magazi a galu ndi mphaka, ndipo mafupa ankhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo. Madzi akumwa asasowe ngakhale kukuzizira.

Kusambitsa kudikire tsiku ladzuwa, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndi madzi ofunda, kenako mupukuteni mpaka aume. Galu akabwera wonyowa ndi mawawa, mupukuteni ndi chiguduli asanalowe m'khola. Pa utitiri ndi nkhupakupa funsani mlangizi wa ziweto mankhwala oyenera. Dibi ya ng'ombe ndi mankhwala a agalu okhala ndi chophera tizilombo chotchedwa permethrin amatha kupha mphaka, chimodzimodzinso Panado. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka galu wa mphere, amaotcha khungu ndipo galuyo amamunyambita.

Galu wowonda chifukwa cha njoka zam'mimba amazizidwa msanga, choncho wamkulu azimwa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse. Katemera wa chiwewe amayamba chiweto chikakwanitsa miyezi itatu chibadwire, kenako chaka ndi chaka. Mukaona galu akutsokomola, akutuluka mamina okhuthala kapena wakana kudya masiku awiri, mupatuleni kwa anzake, mumuike pouma, muitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.