Ndalama ndi yokhazikika, koma nthawi muzilembabe

Mukayamba ntchito mu ofesi ya maloya a milandu yaupandu ku England kapena ku Wales, simuchedwa kumva wina akuti, "Mlandu uwu ndi wa fixed fee, malipiro ake ndi okhazikika, kulemba nthawi n'kudzivutitsa chabe." Musamumvere ameneyo. Ine ntchito yanga ndi kukonza mabilu opita ku Legal Aid Agency, bungwe la boma lolipira maloya oimira anthu osatha kudzilipirira, ndipo fayilo yopanda nthawi ndi imene imatitayitsa ndalama.

Nthawi timaiwerenga m'mayuniti a mphindi 6, ndiye kuti ola limodzi ndi mayuniti 10. Pa ntchito iliyonse lembani tsiku, amene waigwira, chimene wachita ndi kutalika kwake. Zongoti "kuwerenga fayilo, maola 2" ayi. Nenani masitetimenti a mboni ziti, masamba angati, mwapezamo chiyani. Makalata ndi mafoni wamba sitiyika pa wotchi, timangowerenga kuti alipo angati.

Ku Magistrates' Court ndiye kuli nkhani. Malipiro ake ali patatu: lower standard fee (okhazikika otsika), higher standard fee (okhazikika apamwamba), ndi non-standard fee (osakhazikika). Chimakukwezani kuchoka pansi ndi ntchito yolembedwa mukaiwonkhetsa: kukonzekera, kukumana ndi woimbidwa mlandu, kuyankhula m'khoti, makalata ndi mafoni. Ulendo ndi kudikira pabenchi muzilemba padera. Mayuniti ochepa oiwalika akhoza kusiya mlandu pa malipiro otsika pomwe thukuta lake linali la apamwamba. Mukapyola malire onse timadzaza CRM7, fomu yopemphera non-standard fee, ndipo amene amawunika amasanthula fayilo tsamba ndi tsamba. Chimene sichinalembedwe amachikayikira, nthawi zambiri n'kuchidula.

Kupolisi n'chimodzimodzi. Mlandu ukatalika mpaka kupyola malire oikika, timapempha zowonjezera pa fomu ya CRM18. Choncho ngakhale 3 koloko usiku, tulo tili m'maso, lembani nthawi yomwe mwafika, yomwe wapolisi wakuuzani za umboni, yomwe mwakhala ndi womangidwayo panokha, yofunsidwa mafunso, ndi yotuluka.

Ku Crown Court, khoti la milandu ikuluikulu, ndalama imadalira kwambiri mtundu wa mlandu ndi masamba a umboni wa boma, komabe kuwerenga unused material (zomwe apolisi anasonkhanitsa koma boma silikuzigwiritsa ntchito ngati umboni) kopitirira maola 3 amalipira pa ola, bola muonetse ndandanda ya zomwe munawerenga.

Lembani tsiku lomwelo. Noti zolemba Lachisanu za ntchito ya Lolemba zimaonekeratu: chilichonse chimangokhala ola limodzi ndendende, ndipo bilu yotere ine ndimaibweza kwa mwini wake isanatuluke mu ofesi.