Malangizo a Cimtali ndi Ngoma kwa Okalamba, Kuti Asamagwe

Malangizowa ndi a atsogoleli a magulu a okalamba. Magule ake ndi amene amavinidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma a ku Chipata, Katete ndi Chadiza angawatsate mmene alili, pakuti cimtali ndi ngoma n'zathu tonse.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 a zaka 65 kapena kuposa, pakati pa 28 ndi 35 amagwa caka ciliconse. Malangizo ake a 2020 amati okalamba azicita maseŵela olimbitsa miyendo ndi othandiza kuima mosadzandila masiku 3 kapena kuposa pa mlungu. Gule amakwanitsa zimenezi, bola avinidwe pang'onopang'ono.

Asanaloŵe m'bwalo

Agogo akhale pampando, anyamuke, ayende mamita 3, atembenuke, abwelele n'kukhalanso. Akatenga masekondi 12 kapena kuposa, ndiye kuti sangacedwe kugwa, conco azivina atagwila mpando, munthu wina ali pambali pawo. Amene anagwa posacedwa, amene amamva kupweteka pacifuwa kapena cizungulile, ayambe apita kukiliniki.

Bwalo likhale lathyathyathya, losesedwa, lopanda miyala ndi mizu. Mvula ikagwa dothi limatelela, ndiye vinilani m'kalasi kapena m'holo ya chalichi. Ku Dedza kumazizila kwambili mu June ndi July, ndipo mawondo ozizidwa amauma. Dikilani dzuŵa likwele. Citenje cilekezele pamwamba pa akakolo. Mapatapata ayi, amavuka munthu akamabwelela m'mbuyo. Nsapato ikhale yogwila cidendene.

Kavinidwe, mphindi 30

Mphindi 5 zoyamba aziyenda mozungulila bwalo akuomba m'manja.

Kenako cimtali, mphindi 10. Phazi lamanja lipite kumbali, lamanzele litsatile, masitepe 4 kumanja, 4 kumanzele, ciuno cikugwedela pang'ono, mawondo atapindika pang'ono. Mapazi asapingasane. Potembenuka asazungulile pa phazi limodzi monga acitila atsikana, aponde timasitepe 4 ting'onoting'ono. Ambili amagwela potembenuka pomwepa.

Ngoma, mphindi 10, ndiye mtima wa maseŵelawa, ndipo amayi nawonso avine. Wovina akweze bondo, aŵelenge mpaka 3, n'kutsitsa phazi lonse pansi mofatsa, ka 8 mwendo uliwonse, apume, abweleze kaŵili. Anthu amayang'ana phazi lokwezedwa, koma nchito ili pa mwendo wotsala pansi. Umenewo ndi umene ukuphunzila kunyamula thupi lonse wokha, monga umacitila poolokela ngalande kapena pokwela minibasi. Kuponda mwamphamvu kwa anyamata kuja, kogwedeza nthaka, kusiyeni: kumapweteka mawondo ndi msana, ndipo kumafupikitsa nthawi yoima pa mwendo umodzi, imene ndiyo tikuifuna. Cishango ndi cibonga zikhale pambali milungu 4 yoyamba kuti manja akhale omasuka kugwila mpando. Maso ayang'ane kutsogolo, osati kumapazi. Akazoloŵela, aziŵelenga mpaka 5, kenako agwile mpando ndi cala cimodzi cabe.

Mphindi 5 zomaliza ayende pang'onopang'ono, akhale pansi, amwe madzi.

Zimene zimavuta

Woimba ng'oma akamva nthungululu amathamangitsa, ndipo agogo safuna kuoneka otsalila. Mtsogoleli aime pafupi ndi woimba ng'omayo. Wovina akalephela kuyankha funso cifukwa ca befu, ng'oma yathamanga.

Omwa mankhwala a BP ena amaona mdima akanyamuka msanga. Aime atagwila mpando, aŵelenge mpaka 10, ndiye ayambe. Mankhwalawo asawasiye, akafotokoze kukiliniki. Odwala shuga adye asanabwele, ndipo asavine opanda nsapato, cifukwa phazi ladzanzi silimva munga.

Wina akagwa musam'koke dzanja. Afunseni kuti, "Agogo, pakuŵaŵa ndi pati?" Ngati palibe povulala, atembenukile cammbali, agwade, agwile mpando n'kunyamuka okha. Ngati m'ciuno mukuŵaŵa kwambili, mwendo wafupika kapena watembenukila kunja, kapena amenyetsa mutu, musawaimilitse. Afunditseni bulangeti ndipo funani galimoto yopita kucipatala.

Pakatha milungu 12, bwelezani muyeso wa mamita 3 uja pampando womwewo, ndipo lembani masekondi a aliyense m'buku la gulu.